A Ngozo Anazula Zikhomo

A Atanásio Ngozo ndi asuweni anga, ana a amalume. Ndayamba ndi zimenezi kuti mukamva ndikuwanyoza musadabwe, pachisuweni timaloledwa. Amandiposa zaka khumi ndi ziwiri. Kwathu ku Ntengo-Wambalame palibe amene amawaitana dzina laubatizo kupatula akazi awo, a Felismina, nawonso pokhapokha akakwiya. Ena tonse timangoti a Ngozo. Ine ndine Fabião, ndipo ndakumba nawo limodzi kuyambira ndili ndi mano onse m'kamwa.

Kwathu timalima kachewere kawiri pachaka. Wa dzinja amamwa mvula, wa chilimwe amamwa madzi a m'ngalande. Timatseka mtsinje kumtunda ndi miyala ndi zibuma, kenako timawakokera madziwo m'mbali mwa phiri mpaka afike m'minda. Kukumba aliyense amatha. Chovuta n'kudziwa podutsa. Ukatsika kwambiri madzi amathamanga n'kukafika kumunsi, minda ya pamwamba n'kutsala youma, eni ake n'kusiya kukupatsa moni. Ukakwera pang'ono chabe madzi amaima, n'kumakuyang'ana.

A Ngozo analibe chingwe, analibe chida chilichonse choyezera. Ankavula nsapato, n'kutsegula madzi pang'ono, n'kuyamba kukumba iwo patsogolo madzi akuwatsata pambuyo. Sankacheuka. Ankamva ndi chidendene. Madzi akawagunda mwamphamvu ankakhotera kumtunda, akachedwa kufika ankatsikira kumunsi, ndipo ife tinkabwera pambuyo kumakuza ndi kulimbitsa m'mbali. Anaphunzira kwa bambo awo asanathawe nkhondo. Zaka zisanu ndi ziwiri zimene tinakhala ku Malawi ankakumbira anthu a ku Ntcheu, ndipo titabwerera anapeza ngalande zonse zakale zitakwiririka, anazitsegulanso imodzi imodzi. Yaikulu kuposa zonse imachokera mumtsinje wa Kanyerere, imazungulira zitunda zitatu, imathirira minda ya mabanja makumi atatu ndi mphambu. Escola anangofika segunda classe, kalasi yachiwiri. Ankakonda kunena okha kuti zilembo zinawakana koma madzi amawadziwa bwino, ndipo palibe ankatsutsa, chifukwa zinali zoona.

Koma munthu wake wamakani ngati bulu. Samwa mowa, sasuta, saphonya Misa, koma akanena kuti chakuti n'chofiira, ngakhale mubwere ndi abambo mfumu chikhalabe chofiira.

Chaka chimene ndikunenachi chiwawu chinatentha kachewere wa dzinja, mbewu yobzala chilimwe inasowa. Ndiye mu Junho munabwera munthu wa empresa ina, kampani yomanga, akufuna okumba. Anati ku Furancungo kukubwera madzi ochokera pa kasupe wa m'phiri, adzayenda m'matubu, mapaipi aakulu, mpaka pa tanki ya pamwamba pa vila, tauni ya kumeneko, kuchoka pamenepo n'kugawidwa m'mipopi. Anthu a boma la kumeneko, Macanga, anali atatanganidwa ndi fodya wawo, wina kusankha, wina kudinda, okumba anasowa. Tinakwera kamyawu, chilole chija, anthu makumi awiri ndi awiri, a Ngozo atakhala pa thumba la nyemba, khasu lawo lili pakati pa miyendo. Anawauza kuti zida akazipeza komweko, iwo anangoti khasu la eni silimva.

Ntchito yake inali yosavuta kuimva. Oyeza anali atadutsa kale, atakhoma zikhomo zopaka utoto wofiira kuyambira pa kasupe mpaka pa tanki, quinze quilómetros, makilomita khumi ndi asanu. Ife tinkamanga chingwe kuchoka pa chikhomo kufika pa china n'kumakumba vala, dzenje lalitali lofika m'chiuno, kutambalala kwake mafosholo awiri. Pambuyo pathu pankabwera gulu lina lomwaza mchenga pansi, lina logoneka matubu akuda aja a pulasitiki n'kumawalumikiza ndi chitsulo chamoto, lina lokwirira. Amisiri a simenti anali kumapeto konse kuwiri. Tinkagona m'matenti, kudya nyemba m'mawa ndi madzulo, fumbi lofiira mpaka m'makutu. Amayi a m'midzi yapafupi ankadutsa ndi zigubu pamutu, n'kumatifunsa kuti kodi madziwo afika chaka chino kapena tidikire adzukulu.

Mkulu wa ntchito yonse anali enjenyera wamkazi, a Virgínia, wa ku Tete. Wamfupi, nsapato zazikulu, mawu ochepa. Ankalankhula Chichewa chosakaniza ndi Chinyungwe, chikamuthera n'kulumphira m'Chiputukizi. Sabata yoyamba anatsika m'vala imene anakumba a Ngozo, anayenda m'menemo mapazi makumi awiri, anatuluka n'kufunsa kuti wakumba ndani. Pansi pake panali see ngati pozira. Tsiku lomwelo anawapatsa kolete yachikasu, chovala chopanda mikono, kuti akhale akapitawo a gulu lathu. A Ngozo anaivala pamwamba pa jekete, dzuwa lili phwee, osaivula.

Mwezi ndi theka zinthu zinayenda bwino. Njira inali yotsetsereka, kuchoka kumtunda kupita kumunsi, monga momwe madzi amafunira. Kenako tinafika pa khwawa.

Linali khwawa lakuya, loti ukaima m'mphepete mitengo ya pansi umaiona nsonga. Zikhomo zofiira zinatsika molunjika mpaka pansi, n'kukweranso tsidya linalo molunjika. Tsidyalo linali lotsikirapo pang'ono poyerekeza ndi kumene tinaima, zimenezo a Ngozo anaziona ndi diso limodzi. Koma kuti madzi afike kumeneko anayenera kugwera pansi pa khwawa n'kukwera okha mtunda wotalika ngati mitengo ya bulugama itatu yoimikizana. A Ngozo anaima pamenepo nthawi yaitali manja ali kumbuyo.

"Bomba lokankha madzi aliika pati?" anafunsa.

Wina anayankha kuti palibe bomba, enjenyera ananena kuti njira yonse madzi adzayenda okha.

"Ndiye woyeza uja analedzera," anatero a Ngozo.

Tsoka lake, a Virgínia anali atanyamuka dzulo lake kupita ku Tete kukalondola zolumikizira matubu zimene zinachedwa, ndipo woyezayo anapita nawo. Wotsala m'malo mwawo anali ku tanki, kutali, akulimbana ndi simenti, ndipo za gulu la a Ngozo sankada nazo nkhawa. Netiweki pa khwawapo kunalibe. Ngakhale ikanakhalapo, a Ngozo sakanaimba. Munthu amene wakhala zaka makumi atatu akufunsidwa safunsa.

Ine ndinayesa, ndisaname. Pa nthawi ya chakudya chamasana ndinati, "Asuweni, nanga ine ndikamapopa gazolina m'chigubu kuthira mu mota, suja amakwera m'kapaipi n'kutsikira kwinako?"

"Gazolina umayamba wayamwa ndi pakamwa," anatero. "Pano ayamwe ndani? Iwe? Ukakhale tsidya ilo ndi milomo yakoyo?"

Anthu anaseka mpaka wina kutsamwa nyemba. Panali anyamata awiri atatu amene anagwirapo ntchito ku migodi ya ku Moatize, ndikukhulupirira kuti nawonso ankakayika, koma ndani akanaima pagulu kuwauza a Ngozo za madzi? Bambo ako anadya kachewere wa ngalande yawo, iwe unakulira momwemo, lero uwaphunzitse? Tinangoweramira m'mbale.

Madzulo ake dzuwa lisanalowe anazula zikhomo zonse za m'khwawa, makumi anayi ndi chimodzi, anazimanga mtolo bwinobwino ndi luzi, anaziika pansi pa mtengo kuti chiswe chisadye. Anati tizungulira. Khwawa lililonse lili ndi mutu, tikayenda m'mbali mwa phiri tikafika pamene latherapo, tidzadutsa pamenepo n'kubwerera tsidya linalo, madzi osakwera ngakhale chala chimodzi.

Pafupi panali kamtsinje kakang'ono. M'mawa mwake anavula nsapato, anakapatutsira madzi ake mu mzere watsopano, anayamba kuyenda ndi khasu lawo lija madzi ali pambuyo. Ife tinatsatira ndi mapikareta, mapiki aja. Ndinene zoona, masiku asanu ndi anayi amenewo ndi amene tinagwira ntchito mosangalala kuposa ena onse. Zinali ngati tili kwathu. Anthu ankaimba. Tinakumana ndi thanthwe, tinalisonkhera moto tsiku lathunthu n'kulithira madzi ozizira, linasweka. Tinadutsa m'mphepete mwa munda wa fodya wa bambo wina, iye anabwera akukalipa kuti za munda wake palibe anamuuza, a Ngozo anamukhazika pansi n'kumufotokozera kuti madzi ndi amene asankha, bamboyo anapita akupukusa mutu. Pofika tsiku lachisanu ndi chinayi tinali titakumba setecentos metros, mamita mazana asanu ndi awiri, ndipo kamadzi kaja kankayenda m'menemo pang'onopang'ono, osathamanga, osaima paliponse. Mutu wa khwawa tinali tisanauone n'komwe.

A Virgínia anafika tsiku limenelo chakumasana. Anatsika galimoto, anayang'ana m'khwawa mopanda zikhomo, anayang'ana mzere wathu ukukhota kulowera kumene sankakudziwa. Anauyenda wonse mpaka kumapeto, anabwerera, anagwada n'kuviika dzanja m'madzi.

"Está bonito," anatero, kutanthauza kuti n'zokongola. Anatembenuka. "Zikhomo zanga wazula ndani?"

"Ndine, mayi," anatero a Ngozo. "Zili apo, sizinaonongeke. Mwana wanu woyeza uja analakwitsa, ndiye ndakonza."

Ndinaona enjenyera akutseka maso kwa kanthawi. Sanakuwe, mwina zikanakhala bwino akanakuwa. Anafotokoza pang'onopang'ono kuti matubu anabwera oyezedwa kale molingana ndi zikhomo, ozungulira phiri palibe. Anati mutu wa khwawalo uli kutali makilomita atatu. Anati madzi a m'ngalande ndi ena, madzi otsekeredwa m'tubu ndi ena: a kumbuyo amakankha a kutsogolo, ndipo malinga ngati kotulukira kuli kotsika kuposa kolowera, pakatipo angatsike angakwere, adzatuluka basi.

"Madzi ndi amodzi, mayi," anatero a Ngozo. "Sasintha mtima chifukwa mwawaveka pulasitiki."

A Virgínia anatuma dalaivala kukatenga mangera, kapaipi koonekera mkati kamene amisiri amayezera makoma. Anapatsa a Ngozo mbali imodzi kuti agwire m'chiuno, iwo anakweza inayo pamutu, pakati pake pali lende mpaka pansi. Anathira madzi. Tonse tinawaona akutsika, akudutsa pansi, akukwera, n'kutulukira m'dzanja la a Ngozo mpaka kunyowetsa buluku. Wina kumbuyo anati, "Ogo!"

A Ngozo anayang'ana kapaipiko, anakabweza mwaulemu ndi manja awiri.

"Aka n'kachidole," anatero. "Mwakagwira m'manja. Phiri simungaligwire m'manja."

"Pai, bambo anga, n'chimodzimodzi."

"Mayi, ine ndayenda ndi madzi inu musanabadwe. Sindinawaonepo akukwera chitunda popanda chowakankha." Apa mawu anakwera, anatembenukira kwa ife, ndipo ine nkhope imeneyo ndimaidziwa. "Imvani nonse. Madzi akadzakwera khwawa ili okha, ine Atanásio Ngozo sindidzagwiranso khasu pa ngalande mpaka kufa. Mudzanene kuti zaka zonsezi ndinkangonama."

"Asuweni, bwezani mawuwo," ndinatero. "Kutentha kwa dzuwa uku."

"Ndanena."

A Virgínia anangopukusa mutu, anati zimenezo sizikufunika, chofunika n'kukwirira. Sanawachotse ntchito. Koma a Ngozo anavula okha kolete ija, anaipinda, anaiika pa boneti ya galimoto. Kukwirira kunatitengera masiku anayi, ndipo panalibe woimba. Bambo wa fodya uja anabwera kudzaonerera atakhala pa chitsa, tsiku lililonse.

Woyeza anakhomanso zikhomo zake m'maenje momwe zinazulidwa. Tinatsika m'khwawa. Kumeneko kunali kovuta zedi, potsetsereka poti ukaponya dothi limakubwerera kumaso, ena tinkadzimanga chingwe m'chiuno. Mungaganize kuti a Ngozo anagwira mwaulesi kapena mokhumudwa, ayi. Anakumba kuposa tonse, molunjika chingwe, pansi pali see monga kale. Anathandiza kutsitsa matubu, anasenza miyala ya zipilala za simenti zogwira tubu pansi pa khwawa kuti lisagwedezeke. Ndinawafunsa kuti bwanji mukudzipha ndi ntchito imene mukuti siitheka. Anati akufuna tsiku limenelo pasadzapezeke wonena kuti madzi alephera chifukwa Ngozo anakumba mokhota.

Kuyesa kunachitika kumayambiriro kwa Outubro, m'mawa cha m'ma nove horas, naini koloko. Tubu linali litakwiriridwa kuchokera ku kasupe mpaka pamwamba pa tsidya lija, kukamwa kwake kuli yasa, kwakukulu koti mungalowetse mutu. Anthu a m'midzi anamva, anabwera ndi zigubu, ena ndi makasu ali paphewa pochokera kudimba. Nkhani ya lumbiro inali itafika kale m'midzi yonse, ndiye theka la anthuwo silinabwerere madzi. A Ngozo anakhala pa mwala chapatali pang'ono, atavala malaya awo a ku tchalitchi.

A Virgínia analankhula pa wailesi yam'manja ndi munthu wa ku kasupe. "Abre," anatero, kutanthauza kuti atsegule.

Tinadikira. Mphindi khumi, zii. Makumi awiri, zii. Mayi wina anaika khutu kukamwa kwa tubu, anati akumva mphepo yokha. Theka la ola litadutsa anthu anayamba kucheukira kwa a Ngozo. Enjenyera ankangoyang'ana wotchi. Ine ndikuuzani chimene chinali mumtima mwanga, ngakhale n'chochititsa manyazi: ndinkapempha kuti madziwo asabwere. Vila yonse inkamwa m'zitsime zouma, ine ndemwe ndinathyoka msana miyezi inayi, koma ndinkafuna asabwere, kuti mkulu wamakaniyo apite kwawo ali munthu.

Kenako tubu linayamba kupuma. Linatulutsa mpweya wotentha, fuu, fuu, linakhosomola kawiri, linalavula matope. Linakhalanso chete. Ndiye madzi anatuluka, odzaza kukamwa konse, ofiira poyamba kenako oyera, akugwa patali mapazi anayi. Amayi analulutira, ana anathamangira pansi pake ndi zovala, anzathu ena anaponya zipewa m'mwamba n'kuzindikira mochedwa kuti a Ngozo ali pomwepo, n'kuzitola mwakachetechete.

A Ngozo anadzuka. Anthu anawapatukira. Anaika dzanja m'madzimo, mphamvu yake inalikankhira kumbali, analibwezeranso. Kenako anatsika m'khwawa okha, akutsata mzere wa dothi latsopano mpaka pansi, anaima pa zipilala zija, anagwada n'kuika khutu pa simenti. Anakwera tsidya linalo, anabwereranso. Ankafunafuna bomba. Tubu limenelo anakwirira ndi manja awo, ankadziwa kuti mulibe kanthu, koma anayendabe ulendo wonsewo, ife tikuwaonera pamwamba.

Atakwera, a Virgínia anawachingamira. Ndinali pafupi, ndinamva.

"Pai, mawu aja aiwaleni. Palibe anawalemba. Ngalande yanu ija ine sindikanatha kuikumba popanda makina."

"Zikomo, mayi," anatero. "Koma ndinanena pa anthu."

Ntchito yotsala anaigwira mpaka kumapeto, mu Novembro. Tsiku lotsegulira mipopi ku vila ife tinali titakwera kale kamyawu, mvula yoyamba inatipeza pa njira. Ndimamva kuti madziwo akutulukabe mpaka pano, ndipo khwawa lija anthu a kumeneko amalitchula dzina la asuweni anga, koma iwo sindinawauze.

Dzinja limenelo mvula inagwa yambiri. Ngalande yaikulu ya Kanyerere inagumuka pa chitunda chachiwiri, phiri linatsetsereka n'kutenga mapazi ngati makumi asanu ndi limodzi. Zoterezi sizachilendo. Zaka zonse ikagumuka a Ngozo ankapita m'mawa umodzi, n'kupeza njira ina pamwamba kapena pansi pa pogumukapo, ife n'kukuza, pofika madzulo madzi ali m'minda. Mu Maio anthu anapita kunyumba kwa a Ngozo kukawapempha kuti atsogole monga mwa nthawi zonse. Anawalandira bwino, anawapatsa mipando, anakana.

Anapita akuluakulu a mpingo, anawauza kuti lumbiro lonenedwa mokwiya Mulungu saliwerenga. Anakana. A Felismina anawakalipira mpaka anamveka kutsidya, dzina laubatizo ndi la bambo awo lomwe, anati munda wathu womwe uli kumunsi kwa pogumukapo, tidya makani anuwo? Anangotuluka n'kukamanga mbuzi. Ine ndinapita kawiri. Ulendo wachiwiri ndinawauza kuti ndinu nkhalamba yodzikonda, mukulanga mabanja makumi atatu chifukwa cha tubu la ku Macanga limene silikukudziwani n'komwe. Anati ndamva, upereke moni kunyumba.

Ndiye anthu anati Fabião, iwe wayenda pambuyo pawo zaka zonsezi, tsogola. Ndinavula nsapato. Asa! Kuyenda pambuyo ndi kuyenda patsogolo n'zosiyana. Chidendene changa chimangomva kuzizira basi. Tsiku loyamba ndinatsika kwambiri, madzi anathamanga n'kukumba chigwembe m'munda wa nyemba wa a Josefina, mayi wamasiye wa pakamwa posatopa, ndipo zimene anandinena sindingazibwereze. Tsiku lachiwiri ndinakwera, madzi anaima. Lachitatu chimodzimodzi. Uku kachewere amene anthu anabzala podalira ngalande anali atamera, masamba akuyamba kugona masana.

A Ngozo nawo anali atabzala, mizere makumi awiri. Ankathirira ndi ndowa. Ankatsika ku Kanyerere ndi ndowa ziwiri, n'kukwera nazo chitunda, kuthira, kutsikanso, kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, munthu wa zaka makumi asanu ndi zinayi. Njira yawo inkadutsa pamwamba penipeni pa pamene tinkavutikira.

Tsiku lachinayi chakumasana tinali anthu asanu ndi atatu titaima mozungulira chithaphwi, matope mpaka m'mawondo, wina akuti tikhotere uku, wina akuti uko. Ndinawaona akubwera ndi ndowa zawo, malaya atanyowa ndi thukuta. Ndinakwera kukawatsekera njira.

"Asuweni," ndinatero, "khasu musagwire. Munalumbira za khasu, chabwino, lumbiro lanu likhale. Ingolozani ndi chala. Ngakhale ndi mlomo. Tidutse pamwamba pa mwala uwo kapena pansi?"

Anatula ndowa. Anayang'ana phirilo, kuyambira pamene madzi anaima mpaka kumene ngalande yakale inkapitirira. Anayang'ana nthawi yaitali ndithu. Anzanga pansi anasiya kukangana. Ndinaona maso awo akuyenda m'mbali mwa chitunda pang'onopang'ono, anafika pa mwala uja, anaima, anabwerera, anafikanso pa mwala. Dzanja lamanja linanyamuka pang'ono. Ine ndinali nditakonzeka kale kuwaseka, kuwauza kuti mwaona, nkhalamba, simungathe kudziletsa.

Dzanjalo linabwerera pansi.

"Si lumbiro ayi, Fabião," anatero motsitsa mawu, kuti ena aja asamve. "Ndikayang'ana ndikuona njira, monga kale. Koma pa khwawa paja ndinkaionanso chonchi."

Anawerama, ananyamula ndowa zawo, anandilambalala n'kupitiriza kukwera. Ine ndinatsikira kwa anzanga, ndipo atandifunsa kuti anena chiyani, ndinati tiyese pansi pa mwala.